Pampu ya dizilo akuti tidikire masabata 6. Tikonze kapena tigule? Nanga thirakitala yachiwiri tisankhe iti?

Mlimi_waBenga

Moni nonse akuluakulu. Ndikufunsa m'malo mwa kalabu yathu ya alimi a mpunga ndi chimanga kuno ku Benga. Tili ndi Massey Ferguson 290 yakale yomwe imalima minda ya mamembala komanso kugwira maganyu kwa anthu ena. Yayamba kuvuta kulira m'mawa. Ikalira imatulutsa utsi woyera, imagwira ntchito mwina ola limodzi kenako n'kuzima yokha. Makaniko wa kuno wati pampu ya dizilo yatha. Dila wa ku Lilongwe, dzina ndisatchule, wati yatsopano alibe, aitanitsa kunja, tidikire masabata 6 ndipo tiperekeretu theka la ndalama. Mtengo wotiuza pafoni ndi wolembedwa pa kotesheni zasiyananso. Uno ndi Okutobala, anthu analipira kale kuti tiwalimire mvula isanagwe.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Pampuyi tikonze kapena tidikire yatsopano? Chachiwiri, chaka chamawa tikagulitsa mpunga tikufuna kugula thirakitala ina. Ena akuti Massey Ferguson (MF) 385 ya ku Pakistan, ena akuti za ku India, ena akuti za ku China chifukwa n'zotsika mtengo. Pa nkhani ya masipeya ndi chisamaliro cha dila, yabwino kwa ife a kuno kunyanja ndi iti? Zikomo.

Makaniko_KamuzuRoad

Achimwene, dipozitiyo musapereke kaye. Zizindikiro mwatchulazo zikhoza kukhala pampu, inde, koma nthawi zambiri zimakhala mpweya wolowa mu dizilo kapena dizilo wosafika mokwanira. Pampu ya pa 290 ndi ija ya CAV yotchedwa DPA, ndipo imanamiziridwa milandu yambiri yosakhala yake.

Yambirani ku thanki. Pa kampopi ka pansi pa thanki pali kasefa kolowa m'kati, kamatsekeka ndi dzimbiri ndi zinyalala za m'zigubu. Masulani paipi, dizilo azituluka mwamphamvu, osati modontha. Chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi fumbi, thirakitala imayenda bwinobwino kwa kanthawi kenako n'kuzima, ndipo mukatsegula chivindikirocho mumamva kuti fuu. Kenako onani lift pump, kapampu kakang'ono ka m'mbali mwa injini kaja kali ndi kogwirira kopopera pamanja. Sinthani mafyuluta a dizilo, aja a CAV 296, ndipo mphira zake zitatu zikhale m'malo mwake. Cholakwika chofala n'kuika mphira yapamwamba pa fyuluta penipeni m'malo moilowetsa m'ngalande ya m'mutu mwake. Zikatero imatseka njira ya dizilo kapena kuyamwa mpweya. Onaninso paipi yobwezera dizilo ku thanki: ikatsekeka, DPA imadzadza m'kati n'kuzimitsa injini pang'onopang'ono.

Njira yachidule yodziwira mwini mlandu ndi iyi. Tengani chigubu choyera, thiranimo dizilo wa pa filing'i siteshoni, chipachikeni pamwamba pa injini, lumikizani ndi paipi yoonekera m'kati kudzera pa fyuluta yatsopano kupita ku pampu. Chotsani mpweya motsatana: poyamba pamutu pa fyuluta, kenako kabawuti kapansi ka pa pampu, kenako kapamwamba, ndi sipanala ya 5/16, mukupopa mpaka thovu litatha. Mukatero masulani pang'ono manati a mapaipi awiri ku ma injekita, tsegulani moto wonse, lizani sitata mpaka dizilo alavule, mangani. Kogwirira ka lift pump kakamangoyenda chopanda mphamvu, zungulitsani injini kamodzi, ndiye kuti kakhala pamwamba pa cam. Injini ikagwira ntchito maola awiri pa chigubupo osazima, pampu ilibe mlandu.

Ikazimabe ikatentha, n'kukana kulira mpaka itazizira, pamenepo ndiye head and rotor, mtima wa pampu womwe umapopa ndi kugawira dizilo ku ma injekita, yadyeka. Koma ngakhale zitatero simukufunika pampu yonse yatsopano. DPA imakonzeka. Ku Lilongwe kuli mashopu a mapampu a dizilo okhala ndi benchi yoyesera, ndipo seal kit, mabuledi a transfer pump ndi liner yake, metering valve, ngakhale head and rotor zimapezeka mosavuta kusiyana ndi pampu yathunthu, chifukwa pampu yomweyi ili pa injini zambiri za Perkins monga ya mu 290 yanuyi, majenereta ndi Land Rover zakale. Zipangizo zikakhalapo ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri.

Pochotsa samalani. Pa phazi la pampu pali kamzere koyang'anizana ndi kena pa injini, kaoneni, ndipo ngati safooka lembani kanu musanamasule manati atatu aja. Tsegulani kachivindikiro ka kutsogolo kwa timing case, masulani mabawuti atatu ogwira giya, ikani kansalu pansi pake kuti lina lisagwere m'kati. Pampu ikatuluka munthu asazungulitsenso injini. Tsekani mabowo onse ndi mapulasitiki oyera, osati zisanza za thonje. Ma injekita onse anayi apite nawo limodzi akawayese, chifukwa utsi woyera wam'mawawo ukhoza kukhala wa manozo (timilomo ta ma injekita) odontha. Pampu yokonzedwa bwino pa manozo otha ndi ndalama yotaya.

Wina akakuuzani kuti aikonzera pansi pa mtengo wa mango popanda benchi, mukaneni mwaulemu. Mipata ya m'kati mwa head and rotor ndi yaing'ono kuposa tsitsi, kamchenga kamodzi ka ku Benga kakwanira kuiononga.

WaStolo_Salima

Zomwe anena a Makaniko n'zoona. Ine ndionjezere za kudikirako, chifukwa anthu amangoti dila ndi waulesi pamene nkhani ndi yotalikirapo.

Masipeya a thirakitala pafupifupi onse amachokera kunja ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kampani ikafuna madola imayamba yadikira ku banki, ndiyeno katundu anyamuke. Ndi chifukwa chake madila ambiri amasunga zotuluka msangamsanga zokha, monga mafyuluta, malamba ndi mabering'i, koma chinthu chodula ngati pampu amaitanitsa pokhapokha wina walipira. Kotesheni kukhala ya masiku ochepa, ndi mtengo wa pafoni kusiyana ndi wa papepala, gwero lake ndi lomweli. Katundu wobwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam amatenga miyezi. Wa pamsewu kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Mwanza kapena Dedza amafulumirako. Wa pandege ndiye wachangu koma mtengo wake umatsata kulemera. Choncho akakuuzani kuti masabata 6, funsani kuti katunduyo ali kuti panopa, abwera pa chiyani, ndipo masabatawo akuyamba kuwerengedwa liti: tsiku la dipoziti kapena tsiku lomwe banki yawapatsa madola? Mayankho ake alembedwe pa kotesheni pomwepo.

Koma kunena zoona, theka la kuchedwa kwa masipeya timaliyambitsa ndife ogula. Munthu amaimba foni n'kunena kuti ndikufuna kilatchi ya 290, basi. Ma 290 alipo opangidwa ku Coventry ku England, komwe fakitale yake inasiya kupanga mathirakitala mu 2002, alipo a ku Brazil, aliponso a Xtra a zaka zaposachedwapa. Utoto ndi umodzi, m'kati n'zosiyana. Komanso thirakitala ya zaka makumi atatu yadutsa m'manja ambiri, injini yomwe ilimo mwina si yomwe inabwera nayo.

Ndiye jambulani ndi foni zinthu zitatu n'kuzisunga m'buku la kalabu. Choyamba kachitsulo ka serial number ya thirakitala. Chachiwiri nambala ya injini yodindidwa pa buloko. Pa Perkins zilembo ziwiri zoyamba zimakuuzani mtundu: LD ndi 4.236, LF ndi 4.248, LM ndi 4.41, CE ndi ya masilinda atatu ya pa MF 135 ndi 240. Kusiyana kwake si kwamasewera: pisitoni ya 4.236 ndi ya mamilimita 98.4, ya 4.248 ndi pafupifupi 101. Chachitatu kachitsulo ka pa pampu ya dizilo, kali ndi nambala yokhala ndi F pakati ndi ina yosonyeza mmene anaitcherera.

Pali zinthu zina zoti ngakhale nambala muli nayo, muziyeza kapena kunyamula chakalecho. Kilatchi: yezani kukula kwa mbale, ilipo ya mainchesi 11, 12 ndi 13, ndipo werengani mano a pakati, ena ndi 10 ena 21, mbale ya PTO (shafuti ya kumbuyo yozunguza zipangizo) ili ndi ake. Pampu ya hayidiroliki nayonso ilipo ya mano 10 ndi ya 21. Lift pump ilipo ya mabawuti awiri ndi ya anayi. Masilivu a m'masilinda alipo a mkombero pamwamba ndi opanda. Seal ya kumbuyo kwa crankshaft ilipo ya chingwe ndi ya mphira. Mabering'i a crankshaft musagule musanapite nayo kokagaya, chifukwa saizi yake, kaya 010, 020 kapena 030, imadziwika akamaliza kugayako. Chinthu cholakwika chikabwera pandege, kubweza n'kovuta, ndipo masabata aja mumayambiranso pa chiyambi.

Langizo langa lalikulu ndi la nthawi. Aliyense amakumbukira thirakitala mu Okutobala, ndiye kuti mashelefu amauma nthawi imodzi ndipo amakaniko a dila amakhala ali m'maesiteti akuluakulu. Kukonza kwakukulu kuzichitika mu Juni kapena Julayi, ndalama za mpunga zikangolowa. Pofika Ogasiti kalabu ikhale ndi kabokosi kokiya momwe muli mafyuluta a dizilo osachepera anayi, a oyilo awiri, ya mpweya ngati yanu ili youma, lamba wa fani, mapaipi a rediyeta apamwamba ndi apansi, lift pump imodzi, mawashala a kopa a ma injekita, mabering'i ndi seal za mawilo akutsogolo, seti imodzi ya mabering'i a dishi ya pulawo, mabawuti a madishi, mapini a linkage, chubu cha tayala lakutsogolo, girizi ndi oyilo wokwanira kusintha kawiri. Injini imeneyi imamwa pafupifupi malita 8 pa kusintha kumodzi. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa maganyu omwe mumataya thirakitala ikaima sabata imodzi mu Novembala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa kotesheni ngwamphepo.

Mayi_waMathirela_Dwangwa

Bambo a ku Benga, ine ndiyankhe funso lachiwiri, makamaka mbali ya dila. Kuno ku Dwangwa mathirakitala amakoka nzimbe kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala osapuma, ndiye ubwino kapena kuipa kwa dila kumaonekera msanga.

Musanakambe za mtengo wa thirakitala, pitani ku kauntala ya masipeya, osati kwa wogulitsa wovala tayi uja. Lembani papepala zinthu khumi ndi ziwiri za modelo yomwe mukufunayo: mafyuluta onse, mbale ya kilatchi ndi release bearing, water pump, head gasket, manozo, sitata, seal kit ya hayidiroliki, tie rod end, mabering'i akutsogolo. Nenani kuti mukufuna kuziona ndi maso pa kauntala, ndi mitengo yake. Zomwe atulutse ndiye chisamaliro chomwe mudzalandire. Akayamba zoti zili m'njira, zili ku nthambi ya ku Blantyre, kontena ikubwera, dziwani kuti mawu omwewo mudzawamvanso thirakitala itafa m'munda. Lowaninso ku wekishopu muone mathirakitala a anthu omwe ali pamenepo. Ngati ena matayala anaphwa ndipo udzu wamera pansi pake, funsani kuti akudikira chiyani.

Waranti muiwerenge mutakhala pansi, ndi mlembi wa kalabu. Imakhala ya miyezi kapena maola, chomwe chayamba kukwana. Thirakitala ya maganyu imamaliza maola msanga kuposa miyezi, ndiye yang'anani nambala ya maolayo. Pafupifupi waranti iliyonse imafuna kuti sevisi yoyamba, yomwe nthawi zambiri imakhala pa maola 50, ndi zotsatira zake zichitidwe ndi dila, ndi mafyuluta ake, n'kudinda m'buku. Mukadumphitsa imodzi, kapena mita ya maola ikafa inu osanena, apeza pothawira. Zinthu zodyeka monga kilatchi, mabuleki, malamba ndi matayala sizikhalamo. Pampu ndi manozo zikaonongeka ndi dizilo wamadzi, sizikhalamonso, ndipo amatenga dizilo wa mu thanki kukamuyesa.

Pomwe anthu ambiri amalirira ndi pa ulendo wa makaniko. Waranti ikhoza kulipira sipeya ndi ntchito, koma galimoto yochokera ku Lilongwe kudzera ku Salima mpaka ku Benga, kupita ndi kubwerera, amawerengera pa kilomita, kuphatikiza malo ogona. Funsani mtengo wa kilomita, funsani ngati m'nthawi ya waranti ulendowo ndi wawo kapena wanu, ndiponso kuti mukaimba foni amafika pasanathe masiku angati. Zonsezi zilowe mu mgwirizano wogulira. Panthawi yogula ndi pomwe muli ndi mphamvu zokambirana. Pemphani kuti mafyuluta a sevisi ziwiri zoyamba alowe mu mtengo, dalaivala wanu aphunzitsidwe tsiku lobweretsa, ndipo akupatseni buku la dalaivala ndi buku la manambala a masipeya, ngakhale la pafoni. Kalabu yokhala ndi buku la manambala siimangika kwa wogulitsa mmodzi.

Thirakitala ikapita ku wekishopu, pasakhale ntchito yopanda job card. Palembedwe maola a pa mita, vuto lomwe mwanena, ndi zomwe zili pa thirakitalayo, batire ndi mtundu wake, matayala, top link (chitsulo chapamwamba cholumikizira pulawo), chifukwa zinthu zimasintha nkhope m'mawekishopu. Auzeni kuti asasinthe chinthu chomwe sichili pa kotesheni asanakuimbireni, ndipo zakale zonse zochotsedwa akubwezereni m'katoni. Polipira tengani lisiti la msonkho la MRA lotchula nambala ya sipeya iliyonse, osati longoti masipeya.

Za dipoziti yanuyo, ngati mungaganizebe zoitanitsa pampu yatsopano, papepala palembedwe kuti mtengo wamangidwa pa tsiku lolipira kapena ayi, tsiku lomaliza lofikira katundu, ndi kuti likadutsa ndalama ibwezedwa yonse. Zikavuta, lembani kalata kwa manijala, sungani kope ndi mauthenga a pa WhatsApp. Akapanda kuyankha, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma limagwira ntchito ndi mapepala, osati zoti anatiuza pakamwa.

Chomaliza pa 385 ya ku Pakistan. Imapangidwa ndi Millat Tractors, ndipo zambiri zimalowa m'dziko muno kudzera mwa amalonda oitanitsa okha, osati dila wa Massey Ferguson. Si kuti ndi yoipa, koma dziwani kuti waranti yake ili m'manja mwa amene wakugulitsaniyo. Ngati alibe wekishopu ndi makaniko wakewake, warantiyo ndi pepala chabe.

Fundi_waBua

Ndikugwirizana ndi amayiwa pa zambiri, koma pa mtundu wa thirakitala ndinene mosabisa: kwa kalabu yomwe ili kale ndi 290, yachiwiri ikhale ya banja lomwelo. 385 ili ndi injini ya 4.41 ya mahatchi 85, mphwake wa injini yanu yomweyo, giyabokosi ya magiya 8 akutsogolo ndi 2 akumbuyo, hayidiroliki ya kapangidwe ka Ferguson. Mafyuluta ndi tizipangizo tambiri zimalowana, kabokosi ka masipeya kamakhala kamodzi, ndipo makaniko aliyense kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Dwangwa anaphunzirira pa injini imeneyi. Dila akakukhumudwitsani muli ndi kothawira, chifukwa makampani ngati Sparex ndi Bepco amapanga masipeya ake. Zofooka zake n'zodziwika: mawaya a magetsi, maswitchi, mapaipi a mphira ndi utoto. Mukangoilandira mangitsani mabawuti onse, makamaka a mawilo, ndipo chitaninso chimodzimodzi pa maola 50.

Za ku India sindikuzinyoza. Mahindra, Sonalika ndi TAFE ndi zolimba, sizimwa dizilo kwambiri, ndipo zambiri zili ndi pampu ya Bosch ya mzere, yomwe imapirira dizilo woipa kuposa DPA chifukwa kunsi kwake kumayendera oyilo. TAFE imagwiritsa injini za Simpson zomwe zinachokera ku Perkins, ndiye zina zimafanana. Vuto ndi loti kunja kwa mafyuluta ndi mabering'i, masipeya a giyabokosi, hayidiroliki ndi ekiselo yakutsogolo mumawapeza kwa dila yekhayo. Dila akakhala wabwino muli pabwino, akasiya kugulitsa mtunduwo mwagwira njakata. Apa ndiye pofunika mayeso a pa kauntala omwe anena amayi aja, komanso kufunsa kuti akhala akugulitsa mtunduwo zaka zingati.

Za ku China tisiyanitse. Injini za silinda imodzi zija za S195, S1100 ndi ZS1115, za pa zigayo, mapampu a madzi ndi ma power tiller a m'masikimu a mpunga monga Lifuwu ndi kuno ku Bua, masipeya ake ndi ambirimbiri ndipo ngotsika mtengo. Nambalayo ikukuuzani kale kukula kwa pisitoni, 95, 100 kapena 115. Ngakhale apo nyamulani chakale, chifukwa mafakitale ndi ambiri ndipo nozo ndi plunger zimasiyana. Koma thirakitala yaikulu ya mawilo anayi yobwera ndi munthu amene waitanitsa kontena imodzi, imeneyo ayi. Dzina la pa boneti ndi lina, injini ndi ya fakitale ina, ekiselo ya inanso, buku la manambala palibe. YTO kapena Lovol yogulidwa kwa kampani yokhazikika yokhala ndi sitolo ya masipeya ndi nkhani ina.

Pa zoti jenuwini kapena ayi, ine ndimagawa motere. Zogwira dizilo ndi oyilo, ndiye kuti mafyuluta, manozo, mabering'i a injini, head gasket ndi seal za m'kati momwe kufikamo kumafuna kudula thirakitala pakati, gulani za dila kapena za maina odziwika monga Delphi, Fleetguard, Donaldson, GUD, SKF, Timken, LuK. Release bearing yotchipa imakupulumutsirani ndalama pang'ono, koma ikalira pakatha mwezi mulipiranso ntchito yonse yolekanitsa injini ndi giyabokosi. Magetsi, magalasi, mapini, mpando, ekizozi, gulani paliponse. Zochotsa pa thirakitala yakufa n'zabwino pa zitsulo zosadyeka ngati marimu, ma lift arm ndi makesing'i, koma osati pampu.

Zafeki zilipo zambiri, ndipo katoni yake imakongola kuposa yeniyeni. Fyuluta ya oyilo yafeki imapepuka m'manja, mazinga ake ngokhakhala, mphira yake ndi youma. Mukadula yakale ndi sowo mupeza pepala lochepa, lomatidwa mwachisawawa, nthawi zina valavu mulibe. Bering'i yafeki zilembo zake zimafufutika mukapaka ndi chala cha petulo, ndipo ukaizunguza pafupi ndi khutu imamveka mchenga. Mtengo ukatsika kufika theka la wa kwina konse, pali chifukwa.

Ndipo pampu yanuyo ikakonzedwa, funsani chomwe chinaipha, apo ayi mudzabwereranso. DPA ilibe oyilo, imadzozedwa ndi dizilo yemweyo. Mafuta akasowa anthu amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu wa M5, ena osakaniza ndi parafini, ena amadzi. Parafini alibe kuterera, madzi amabweretsa dzimbiri. Dizilo wa mu diramu azikhala tsiku lathunthu asanatungidwe, diramu itapendekeka pang'ono kuti zinyalala zitsikire kumbuyo, ndipo paipi yotungira isafike pansi. Musamusunge mu chitini cha malata a galavanaizi. Thanki muzidzadza madzulo pomaliza ntchito, chifukwa chinyezi cha kunyanja kuno chimasanduka madzi m'thanki yopanda kanthu usiku. Kagalasi ka pansi pa fyuluta kazionedwa m'mawa uliwonse.

Mlimi_waBenga

Zikomo kwambiri nonse. Tiyamba ndi mayeso a chigubu mawa. Funso lina laling'ono kwa a Makaniko: oyilo wa kumbuyo, wa giyabokosi, wasanduka ngati tiyi wamkaka ndipo pulawo ikukwera monjenjemera. Dila akuti tigule oyilo wawo yekha, koma ndi wodula. Wa giya wamba wa 90 sangagwire?

Makaniko_KamuzuRoad

Ayi achimwene, 90 musathire. Pa 290 oyilo mmodzi yemweyo amagwira giyabokosi, hayidiroliki ndi mabuleki omwe ali m'kati monyowa. Wa 90 ndi wolemera, pampu imavutika kumukoka m'mawa, ndipo mabuleki amayamba kulira ndi kugwira modzidzimutsa. Sikuti mpaka akhale wa chigubu cha dila. Yang'anani wolembedwa UTTO kapena STOU, ndipo kumbuyo kwa chigubu pakhale nambala ya Massey, M1135, M1143 kapena M1145. Makampani akuluakulu a mafuta ali naye. Konzekerani zigubu ziwiri za malita 20 ndi china chapadera, chifukwa kumbuyoko kumalowa oyilo wambiri, ndipo muyezo weniweni ndi wa pa dipisitiki thirakitala itaima pamalo osalala.

Mtundu wamkakawo ndi madzi. Amalowera pa mphira za pa ndodo za magiya zikang'ambika, mvula ndi madzi otsukira zimatsikira m'kati, komanso pa mphira ya kumbuyo pomwe pamalowa top link. Mphira zimenezi n'zotchipa kwambiri, sinthani musanathire oyilo watsopano. Ngati mumalowa nayo m'madzi a mpunga, onaninso seal za ma ekiselo ndi ya PTO.

Khuthulani oyilo ali wotentha, mikono ya hayidiroliki itatsitsidwa pansi kuti wa mu silinda atuluke, ndipo mabawuti okhuthulira ndi awiri, wa pa giyabokosi ndi wa pakati kumbuyo. Ambiri amamasula mmodzi n'kusiya theka la madzi momwemo. Pa maginito a mabawutiwo mukapeza phala losalala lakuda palibe vuto, koma tizidutswa tachitsulo ndi chizindikiro cha bering'i kapena giya yomwe yayamba kusweka. Tsukani sefa ya pampu ya hayidiroliki ndi dizilo woyera, ikani gasiketi ndi mphira yatsopano. Madzi akakhala ambiri, thirani kaye oyilo wotchipirapo wa mtundu womwewo, gwirani ntchito yopepuka tsiku limodzi, khuthulaninso, kenako thirani wabwinoyo.

Pulawo ikamanjenjemerabe oyilo ndi sefa zili bwino, ndiye kuti mwina mavalavu a mu pampu ya hayidiroliki adyeka. Tsegulani chivindikiro chozungulira cha m'mbali, cha dipisitiki chija, pachikani pulawo m'mwamba injini ikulira, muunike ndi tochi osalowetsa dzanja. Oyilo akamagwa kuchokera pamwamba, ndi maringi a pisitoni ya silinda yokwezera kapena mphira ya stand pipe. Akamawira kuchokera pansi, ndi pampu kapena relief valve. Repair kit ya pampuyo imapezeka, ingowerengani mano a shafuti yake musanatumize munthu ku Lilongwe, ndipo popeza wina akupita kale ndi pampu ya dizilo, agule zonse pa ulendo umodzi pamodzi ndi mphira za magiya zija.